Geti Lochepa ndi Zala Ziwiri

Wilibala inagunda chipilala cha geti kuti gwe! Mayi wa matimati anaibweza m'mbuyo, anaiwongola bwinobwino, n'kuyesanso. Inagundanso. Bokosi lapamwamba linapendekeka ndipo matimati angapo anagubudukira m'fumbi.

Chiphaliwali ankaona zonsezi ali kuchipinda, atakoka katani pang'ono ndi chala chimodzi. Masiku onse amene ankapanga getilo ankaganiza kuti m'mawa umenewu udzamukomera mumtima. Koma tsopano utafika, sunamukomere konse.

"Mukusuzumira chiyani pamenepo, abambo?" anafunsa mkazi wake akuyala bedi.

"Ndikuona ngati kubwere mvula."

"Mvula yake ikulira ngati wilibala," anatero mkaziyo, n'kukutumula bulangete mwamphamvu kuposa mmene zinkafunikira.

Dzina la Chiphaliwali anamupatsa ndi anthu a mumsewuwo, chifukwa makina ake owotcherera zitsulo ankang'anima kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Iye sankadana nalo dzinalo. Anali mmisiri wa mageti, ndipo kunena zoona analidi katswiri. Geti lake silinkakhula pansi, silinkalira, ndipo ngakhale mwana ankatha kulikankha ndi dzanja limodzi. Vuto linali lakuti mwiniwakeyo ankazidziwa zimenezi, ndipo sankalola kuti wina aziiwale.

Malo amene ankakhalawo bambo awo anasiyira ana aamuna awiri. Chiphaliwali, yemwe anali wamng'ono, anatenga kutsogolo chifukwa shedi yake inkafuna msewu. Mkulu wake anamanga kumbuyo. Mpanda unali umodzi, geti limodzi, ndipo wopita kunyumba yakumbuyo ankadutsa pabwalo la Chiphaliwali, pakati pa milu ya zitsulo, n'kulowa kanjira ka m'mbali mwa nyumba. Njira ina kunalibe, poti mbali zonse kunali mipanda ya anthu ena. Mkulu uja atadwala n'kumwalira, kumbuyoko kunatsala mkazi wake ndi ana aakazi awiri. Mayiyo ndiye wa matimati uja. Ankapikula mabokosi, kuwasunga kunyumba, n'kumawakankhira kumsika pa wilibala imene mwamuna wake anasiya. Maliro atangotha, Chiphaliwali mwiniwakeyo ndi amene anaiwotcherera zitsulo m'mbali kuti izinyamula mabokosi awiriawiri mogundana. Mayiyo ankamutchula kuti alamu, atsikana aja kuti bambo aang'ono, ndipo iye ankanyadira kuti anthu amamuona ngati mzati wa nyumba zonse ziwiri.

Zinthu zinasokonekera tsiku limene makina ake odulira zitsulo anasowa m'shedi. Chiphaliwali sanafufuze nthawi yaitali. Ananena kuti anthu akumbuyo ndi amene amasiya geti pululu, ndipo kuyambira tsiku limenelo aziikapo loko, wofuna kudutsa azigogoda. Ananena zimenezi mokweza, pamaso pa makasitomala. Mlamu wake anamuyankha pamaso pa anthu omwewo.

"Alamu, njira iyi sindinabwereke kwa inu. Achimwene anu anandilowetsera pageti lomweli, ndipo iwowo anatulukira pomwepa tsiku lomaliza. Ine ndizigogoda pakhomo panga?"

Kasitomala wina anati, "Eee, zoonadi," ndipo wina anaseka. Mawu a mayiyo anamukhala Chiphaliwali pamtima ngati chitsulo chamoto.

Mayiyo sanali wosunga zinthu kukhosi. Patangopita masiku ochepa chogwirira cha wilibala chinathyoka, ndipo anaikokera kushedi ngati panalibe chimene chinachitika. "Chibale ndi fupa, alamu, sichiola. Tandikonzereni galimoto yangayi." Chiphaliwali anaikonza. Mlamu wake atathamangira kumbuyo kukamutengera matimati oti amuthokozere, iye anasolola tepi m'thumba, n'kuyeza wilibalayo kuchokera chitsulo cha mbali iyi kufika cha mbali inayo. Anayeza kawiri, monga ankachitira pa ntchito iliyonse. Matimati aja analandira ndi manja awiri.

Kenako analengeza kuti nkhani ya geti yatha. Anaboola mpanda pakona, anaikapo kageti kokongola, kobiriwira, ka maluwa achitsulo pamwamba, n'kutchinga kanjira kaja ndi zitsulo kuti kasiyane ndi bwalo lake. "Geti lanulanu, kiyi wanuwanu," anauza mlamu wake. "Simudzagogodanso kwa munthu." Mayiyo anathokoza misozi ili lengelenge m'maso. Chimene sanamuuze n'chakuti kagetiko anakachepetsa ndi zala ziwiri poyerekeza ndi wilibala. Ankafuna chinthu chimodzi chokha, kuti mayi amene anamuyankha pagulu uja abwere yekha kudzapempha kuti amutsegulire geti lalikulu.

Koma mayiyo sanabwere. M'mawa woyamba uja anatola matimati ake m'fumbi n'kuwapukuta ndi nsalu. Kenako anatsitsa mabokosi onse, anawasenza limodzilimodzi kupita nawo kumsewu, anapendeketsa wilibala chammbali n'kuikoka mpaka inatuluka, n'kuyambanso kupakira. Pobwera masana kudzatenga katundu wina anachita chimodzimodzi. Mawa lake chimodzimodzi. Zonsezi zinkachitikira pamphuno penipeni pa shedi, ndipo akamaliza ankapukuta thukuta n'kunena kuti, "Mwadzuka bwanji, alamu?"

Chiphaliwali ankayankha atavala magalasi akuda owotcherera, ngakhale makina asanayatse. Akanakonda mayiyo akanabwera ndi mkwiyo, chifukwa mkwiyo ankadziwa kuubweza. Moni ndiye unkamusowetsa kothawira.

"Tsegulani geti lalikulu, abambo," anatero mkazi wake tsiku lina akudya. "Munthu uja msana uthyoka."

"Wapempha?"

"Ndiye mukudikira kuti apemphe?"

"Sindikudikira kanthu ine. Ali ndi geti lake. Ndipo musandiyambe, amayi, mukundidziwa."

"Wokwata kwa mphenzi saopa kung'anima," anatero mkaziyo akusonkhanitsa mbale. "Ine ndinakwatiwa ndi mmisiri woyeza kawiri. Musandifunse zimene ndikuganiza, chifukwa ndikuuzani."

Sanamufunse.

M'mawa wina kutagwa mvula, mayi wa matimati anaterereka pamatope bokosi lili pamutu. Matimati anamwazikira mpaka pakhomo pa shedi, ena ataphwanyika. Apa panalibe kobisala. Chiphaliwali anatuluka n'kuyamba kutola nawo, maso ali pansi.

"Alamu," anatero motsitsa mawu, "ngati pali vuto muzinena."

Kiyi wa geti lalikulu anali m'thumba, ndipo mayiyo akanangoti nditsegulireni, iye akanatsegula nthawi yomweyo, nkhani n'kuthera pomwepo.

"Vuto palibe, alamu," anayankha mayiyo akupukuta matope pabondo. "Mwandichitira kale zambiri. Zitsulo zonsezi, penti, nthawi yanu, osandilipiritsa. Ndiye ndibwerenso ndi madandaulo? Kumeneko n'kusayamika."

Chiphaliwali anaponya matimati omaliza m'bokosi n'kubwerera m'shedi, kiyi akadali m'thumba. Tsiku limenelo anawotcherera mahinjesi chadodolido pa geti la munthu, n'kuyambiranso.

Nkhani inayenda mumsewu, koma inayenda chammbali ngati wilibala yomweyo. Aliyense womufunsa, mayi wa matimati ankayankha kuti alamu ake anangophonya muyeso pang'ono, akapeza mpata akonza, pakali pano ntchito yawachulukira. Wometa tsitsi wa tsidya lina la msewu, munthu amene pakamwa pake sipankapuma, anayamba kumafuula ali pakhonde pake.

"Amisiri! Tepi yanu ija inanyowa ndi mvula n'kufupika kapena? Bwerani ndikubwerekeni chingwe cha nsapato, chimenecho sichinama!"

Anthu ankaseka, Chiphaliwali n'kusekako ndi mano okha. Mkati ankapsa. Zaka zonsezi palibe amene anamuuzapo kuti waphonya muyeso, ndipo tsopano ankayenera kumeza bodza limenelo tsiku ndi tsiku, chifukwa zoona zake zinali zoipa kuposa bodzalo. Atsikana akumbuyo aja nawo moni wawo unayamba kufupika. Ankangoti "bambo aang'ono" akuyenda, osaima ngati kale. Kangapo konse anadzuka atatsimikiza kuti lero asuntha chipilala. Koma kuchisuntha kunali kuvomera pamaso pa wometa uja kuti analakwitsadi, ndiye ankati mawa. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Tsiku lina chakumasana pashedi panaima galimoto. Munatsika bambo wina wonenepa, mwini nyumba zambiri za lendi, amene aliyense ankangowatchula kuti a Landilodi. Ankafuna mageti a nyumba zawo zatsopano, ntchito yoti mmisiri aliyense amailota. Chiphaliwali anawapukutira mpando, n'kuwapatsa foni kuti aone zithunzi za mageti amene anapangapo. A Landilodi ankagwedeza mutu mokhutira. Wometa anali atawoloka kale msewu, poti iye galimoto yachilendo sinkamudutsa.

Nthawi yomweyo mayi wa matimati anatulukira m'kanjira ndi katundu wake wamasana. Anaima pakageti n'kuyamba kutsitsa mabokosi. A Landilodi anatembenuka ndi mpando womwe, n'kumaonerera mpaka wilibala inatuluka chopendekeka.

"Geti limenelo anapanga ndani?" anafunsa.

"Eni ake ndi omwewa," anayankha wometa, Chiphaliwali asanatsegule n'komwe pakamwa.

"Inuyo? Pakhomo panu pomwe?" A Landilodi anabweza foni ija. "Ndiye zithunzizi ndi za mageti a yani? Amisiri, ine nyumba zanga muzilowa magalimoto. Ngati wilibala ikukanika, mudzandipangira geti loti alendi anga azichotsa kaye matayala polowa?"

Wometa anaseka mpaka kugwira m'mimba. Mayi wa matimati anatula bokosi n'kusendera pafupi, akupukuta manja pansalu.

"Ayi bwana, musawaweruze ndi kagetika," anatero mwaulemu. "Alamu angawa ndi akatswiri, funsani aliyense. Apa anangophonya pang'ono. Anapanga mothamanga pofuna kundithandiza ine. Kulakwitsa n'kwa aliyense."

"Wophonya pakhomo pake adzaphonyanso pakhomo pa ena," anatero a Landilodi akudzuka.

Apa ndi pamene Chiphaliwali zinamukwera. Kusekedwa ndi wometa anapirira. Koma kupepeseredwa ngati mwana wophunzira ntchito, ntchito yaikulu ikuthawa akuona, sanathe kupirira. Magazi anathamangira kumutu, ndipo pakamwa panatsogola nzeru zikadali m'mbuyo.

"Sindinaphonye ine! Waphonya ndani? Wilibala imeneyo ndinaiyeza ndekha ndi tepi iyi, kawiri! Geti limenelo ndi lochepa ndi zala ziwiri ndendende, monga mmene ndinafunira. Kayezeni ngati mukukayika!"

Anali atatukula tepi m'mwamba ngati umboni. Inakhala m'mwambamo kanthawi, chifukwa dzanja linaiwala kutsika. Ngakhale wometa, amene chibadwire sanasowepo mawu, anayang'ana pansi n'kumakanda fumbi ndi nsapato.

Mayi wa matimati anamuyang'ana mlamu wakeyo nthawi yaitali. Sanakweze mawu.

"Munaiyeza liti, alamu?"

Chiphaliwali anatsitsa tepi ija pang'onopang'ono.

"Tsiku lija la chogwirira? Ine nditapita kukakutengerani matimati?"

Chiphaliwali anabweza tepiyo m'thumba, maso ali pansi.

"Anthu amandiuza kumsika," anapitiriza mayiyo. "Amati mmisiri ngati uja sangaphonye geti la pakhomo pake. Ine ndimakana. Ndakangana ndi anzanga chifukwa cha inu. Ndimati m'bale wa malemu amuna anga sangandichite zimenezo. Ngakhale ana anga ndinawakalipira atanena."

Anabwerera pageti, anapakira mabokosi ake mosathamanga, n'kukankha wilibala kulowera kumsika. Palibe amene anamuthandiza, chifukwa palibe amene analimba mtima kusendera pafupi.

A Landilodi anatulutsa makiyi a galimoto. "Ndakhulupirira, amisiri. Kuyeza mumatha." Anatsegula chitseko, n'kuima kaye. "Koma ine wophonya ndikanamupatsa mwayi wina." Galimoto inanyamuka. Wometa naye anakumbukira mwadzidzidzi kuti ali ndi malumo oti atsuke.

Chiphaliwali analowa m'shedi n'kukhala pachitini cha penti, kuseri kwa geti lina limene linali lisanathe. Ntchito ya a Landilodi sanaiganizire n'komwe. Manyazi anamugwira thupi lonse, manyazi otentha makutu, oti munthu umalakalaka nthaka itang'ambika ulowemo. Chimene chinkamupweteka kwambiri sichinali chakuti anthu amva. Chinali chakuti masiku onse amene iye ankabisala m'magalasi akuda, mayi uja ankayenda mumsika kumuikira kumbuyo, msana ukuphwanya ndi mabokosi amene iye anamusenzetsa. Anakumbukira mkulu wake ali pabedi la kuchipatala, atamugwira dzanja, akunena kuti, "Kumbuyo kuja uzikuyang'ana." Anakuyang'anadi, kudzera pakatani.

Mkazi wake anamupeza momwemo. Anali atamva zonse ali kukhitchini, poti mwamuna wakeyo akamafuula sankasankha omumva.

"Ndiye mwatsimikizira dziko lonse kuti ndinu katswiri," anatero ataima pakhomo.

"Amayi, musandiwonjezere."

"Sindikuwonjezera. Mwadzaza nokha." Kenako mawu ake anafewa. "Makina anu aja, mukudziwa amene anasiya geti tsiku limenelo? Palibe akudziwa. Mwina iwo, mwina ine, mwina inu nomwe, poti munabwera mutalawako."

"Ndipita ndikapepese."

"Pitani. Koma madzi akatayika saoleka, abambo. Yambani mwachotsa chinthu chanucho, mawu abwere pambuyo."

Chiphaliwali anadzuka. Magetsi anali atathima, ndiye anatenga sowo n'kuyamba kucheka ndi manja. Chipilala chija anachipanga cholimba, cha chitsulo chochindikala, poti ntchito yake sinali yachinyengo ngakhale pochita zoipa. Anagwada m'mbali mwa msewu dzuwa lili pamutu, n'kumacheka, anthu akudutsa n'kumamuyang'ana. Ena ankapereka moni, ena ayi. M'manja munatuluka matuza. Dzuwa litapendeka chipilala chinagwa pamodzi ndi kachitseko ka maluwa kaja, ndipo anachotsanso zitsulo zoyambirira zimene anatchingira kanjira. Panatsala mpata woti ngakhale ngolo ikanadutsa. Anasesa tizidutswa ta zitsulo kuti tisabaye tayala, anasamba m'manja, n'kuima pambali akubwereza mumtima mawu oti anene.

Anamva kulira kwa tayala asanamuone. Mayi wa matimati anatulukira pakona, mabokosi opanda kanthu atawasanjika lina pamwamba pa linzake n'kuwamanga ndi chingwe. Chiphaliwali anadabwa kuti bwanji sanawaike mogundana monga mwa masiku onse. Wilibala itafika pafupi ndi pamene anaona. Zitsulo za m'mbali zija panalibe. Mayiyo anali atapita nayo kwa mmisiri wina, ndipo mmisiriyo anazidula moipa, mokhotakhota, n'kusiya mano akuthwa m'mphepete. Kuyambira tsopano wilibalayo izinyamula theka la katundu, ndipo ulendo umodzi wa kumsika usanduka maulendo awiri.

"Alamu," anayamba Chiphaliwali. "Ndachotsa chipilala chija. Ndinalakwa kwambiri. Simukanayenera kudula..."

Mayiyo anaimitsa wilibala. Anayang'ana mpata waukuluwo, anayang'ana kachitseko kali gone m'fumbi, kenako matuza a m'manja mwa mlamu wakeyo. Nkhope yake sinali yokwiya. Inali yotopa basi.

"Ndaona," anatero. "Mwagwira ntchito. Zikomo, aneba."

Anadutsa pakati penipeni, mbali zonse kutatsala malo, n'kulowa m'kanjira.

Chiphaliwali anatsala chiimire. Maso ake anali akadali pa mano akuthwa aja. Ankadziwa kuti posachedwa acheka dzanja la mayiyo kapena mwendo wa mmodzi wa atsikana aja, ndipo kuwasalaza inali ntchito ya kanthawi kochepa. Anatsegula pakamwa kuti amuitane abwerere nayo. Koma mawu oti alamu anakana kutulukanso, ndipo enawo, amene anali atangopatsidwa kumene, sanathe kuwatchula. Anangomvetsera tayala likulira mpaka linakasiya kuseri kwa nyumba.